John Chilembwe ndi Singano ya ku Mbombwe

Palibe mwana wa sukulu m'dziko muno amene sadamvepo dzina la John Chilembwe, mbusa wa ku Chiradzulu amene adaukira boma la atsamunda m'chaka cha 1915. Koma mukawafunsa ana omwewo kuti kodi munthuyu ankachita chiyani nkhondo yake isanabuke, ambiri amangozyolika. Nkhondoyo idayamba pa 23 Januwale ndipo pa 3 Febuluwale mwini wakeyo adaphedwa, kutanthauza kuti idatenga masiku 12 okha. Zaka zimene adakhala pa Mbombwe akuumba njerwa, akulima ndi kuphunzitsa zidali 15, koma zimenezi timangozilumpha ngati ngalande. Lero m'ngodya yathu ino tiuyang'ana moyo wa munthu ameneyu kudzera m'kanthu kochepa kamene kakagwera pamchenga sikaonekanso, ndiko singano yosokera, pakuti nkhani ya nsalu ndi zovala idayenda naye kuyambira ku ubwana mpaka tsiku limene mtembo wake udafika pa boma la Mulanje.

Chilembwe adabadwa cha m'ma 1871 ku Sangano, m'dera la Chiradzulu. Bambo wake adali Myao, mayi wake Nyangu adali Mmang'anja, ndipo dzina lake la paubwana lidali Nkologo. Masiku amenewo nsalu siidali chovala chokha ayi, idali ndalama. Amalonda a Chiyao ankapita kunyanja ya mchere, ku Kilwa ndi ku Quelimane, atasenza minyanga ya njovu ndi kukusa akapolo, ndipo pobwerera ankadza ndi mfuti, onga, mikanda ndi mitolo ya nsalu. Mtengo wa mbuzi unkawerengedwa m'mikwamba ya nsalu. Mtengo wa munthu nawonso chimodzimodzi. Azungu oyamba atafika ku Blantyre m'chaka cha 1876 adapeza mwambo umenewu, nayamba kulipira antchito awo ndi nsalu. Motero mnyamata Nkologo adakula akudziwa kuti m'dziko muno wokhala ndi nsalu ndiye mwini mawu, ndipo wopanda nsalu atha kugulidwa nayo.

Tisaganize kuti makolo athu adali asanaione nsalu alendowa asanabwere. Ambiri ankavala nyanda yosula ku khungwa la mombo, kapena zikopa zofufuta bwino. Amang'anja a m'chigwa cha Shire ankalima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu zawozawo zolimba, ndipo David Livingstone adaziona ndi maso ake poyenda m'midzi yawo m'chaka cha 1859. Chimene chidaipha ntchito imeneyi ndi nsalu za m'mafakitale akunja, zopepuka ndi zotsika mtengo: merekani, amene dzina lake lomwelo likuulula kuti adayambira ku America, biriwita wakuda uja, ndi bafuta woyera. Pa bafuta pamafunika kulongosola pang'ono. Omasulira Buku Lopatulika adabwereka mawu amenewa potchula nsalu yamtengo wapatali yoombedwa ndi luzi la mbewu yotchedwa fulakesi, nsalu yozizirira bwino pathupi imene anthu a ku Egypt ankavala kalekale. Koma bafuta wa m'masitolo a kuno adali wa thonje, wochokera ku Manchester ndi ku Bombay. Onse awiri ali ndi khalidwe limodzi: amalowa mphepo, amamwa thukuta, ndipo amakwinyika msanga.

Pali chinanso chimene achinyamata a lero angadabwe nacho. Kale kusoka idali ntchito ya amuna. Duff Macdonald, wamishoni wa ku Blantyre amene adalemba za miyambo ya Ayao m'buku lake lotuluka m'chaka cha 1882, adafotokoza kuti mwamuna wonyalanyaza kusoka nsalu ya mkazi wake ankatha kusudzulidwa pa chifukwa chimenecho. Ndiye tikamaona atelala ambiri a pakhonde la sitolo ali amuna, tisamati ndi zachilendo, mwambowo ngwakale. Chachilendo chidali kupereka singano m'manja mwa mkazi, ndipo tiona kutsogoloku kuti pa Mbombwe adachita zimenezo.

Banja la Chilembwe lidasamukira kufupi ndi Blantyre, kumene mnyamatayu adalawako sukulu ya mishoni ya Church of Scotland. M'chaka cha 1892, patangopita chaka chimodzi dziko lino litalowa m'manja mwa Angerezi, kudafika mzungu wina wovuta kumumvetsa, dzina lake Joseph Booth, amene adayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi. Chilembwe adalembedwa ntchito ya m'nyumba mwake. Ankaphika, ankamasulira, ndipo pamene Emily, kamwana kakakazi ka Booth, kadagwidwa ndi malungo, ndiye amene ankakasamalira bambo wake akachoka. Adabatizidwa pa 17 Julayi 1893. Booth ankalalikira zimene azungu anzake sankafuna kumva: kuti munthu wakuda alipidwe bwino, aphunzire ntchito za manja zomupatsa ufulu, ndipo tsiku lina adzalamulire dziko lake. Koma sukulu ina imene Chilembwe adaphunzira zaka zimenezo idali ya kukhitchini ndi kuchingwe choyanikira zovala. Wantchito wa m'nyumba ndiye amadziwa malaya a bwana kuposa bwanayo: amadziwa pamene msoko wadutsa, pamene batani lathothoka, pamene pali chigamba chobisika. Munthu amene wachapa ndi kusita jekete la mzungu saliopanso jeketelo, chifukwa waona kuti ndi nsalu ndi ulusi basi.

M'chaka cha 1897 Booth adamutenga kupita naye ku America. Kumeneko adasiyana mwamtendere, ndipo Chilembwe adalandiridwa ndi mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention, umene mlembi wake wa za mishoni zakunja adali Lewis G. Jordan. Adamulipirira maphunziro pa Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg. Padali patangopita zaka 32 ukapolo utathetsedwa m'dzikolo, ndipo tsankho lidali pachimake: anthu akuda ankaphedwa ndi magulu a azungu popanda mlandu kuzengedwa. Koma m'kati mwa mavuto omwewo Chilembwe adaona chinthu chimene kwawo adali asanachione: ana a akapolo ali aphunzitsi, abusa, madokotala ndi eni nyuzipepala, akuyendetsa okha masukulu awo. Iyi idali nthawi ya Booker T. Washington, amene sukulu yake ya Tuskegee inkaphunzitsa ukalipentala, kuumba njerwa, ulimi ndi utelala, pokhulupirira kuti munthu wodziwa ntchito ya manja sapemphetsa. Kwa anthu amenewa kuvala mwaudongo sikudali kudzionetsera. Munthu amene agogo ake ankapatsidwa chiguduli ndi mbuye wawo kamodzi pachaka, akavala malaya oyera osokedwa ndi mkazi wake, amakhala akunena kanthu ngakhale ali duu.

Adabwerera kuno m'chaka cha 1900 ali mbusa wodzozedwa, nagula maekala 93 m'mbali mwa mtsinje wa Mbombwe, kwawo ku Chiradzulu. Apa ndi pamene padabadwira Providence Industrial Mission, imene tonse timangoti PIM. Liwu lapakatilo m'dzina limeneli ndilo lidali mtima wa ntchito yonse, pakuti limanena za ntchito za manja. M'chaka cha 1901 kudabwera Mbusa Landon Cheek, ndipo chaka chotsatira kudafika Mayi Emma DeLaney, onse awiri anthu akuda a ku America. Mayi DeLaney adabadwira ku Florida m'chaka cha 1871, naphunzira za umishoni ndi unamwino pa Spelman Seminary ku Atlanta, sukulu ya atsikana akuda kumene singano inkalemekezedwa pamodzi ndi buku. Atafika pa Mbombwe adasonkhanitsa amayi ndi atsikana, nayambitsa bungwe lawo ndi kalasi yosoka.

Wina angafunse kuti kodi kalasi yosoka ili ndi chiyani choti nkulembera m'mbiri. Woyankha bwino ndi amene adayesapo kusokera mwana wake chovala, ngakhale chophweka ngati kabudula wa nyengo yotentha. Choyamba nsaluyo uyenera kuichapa usanaidule, chifukwa bafuta watsopano amafupika akalowa m'madzi. Wodula asanachape amadzaona kabudula atathina mwana atangomuvala sabata imodzi. Ikauma umaipinda pawiri, nuyalapo kabudula wakale ngati chitsanzo, nulemba mozungulira ndi choko kapena khala, kusiya mpata wa chala chimodzi kuti msoko upeze podya. Zidutswa zimatuluka zinayi, ziwiri zakutsogolo ndi ziwiri zakumbuyo, ndipo zakumbuyozo zimakulirapo kuti mwini wake azitha kukhala pansi ndi kuwerama momasuka. Msoko wodutsa pakati pa miyendo ndiwo umasenza katundu yense, choncho umasokedwa kawiri. M'chiuno umapinda mosiya njira yodutsa chingwe, ndipo kumiyendo umapinda kawiri, chifukwa bafuta akasiyidwa m'mphepete mosapinda ulusi wake umayoyoka. Tsono taonani zimene munthu waphunzira pofika pamenepa: kuyeza, kuwerengera, kugawa pakati, kuganizira mapeto asanagwire sizasi, pakuti nsalu ukaidula molakwa siibwereranso. Aphunzitsi a masamu angavomereze kuti mwana wodziwa kutulutsa makabudula awiri m'nsalu imene mnzake watulutsamo mmodzi, ameneyo masamu wawamva. Ndipo khobidi limene likadapita kusitolo kukagula chovala chosokasoka limatsala m'nyumba. Kwa mayi wa m'chaka cha 1903, amene mwamuna wake ankasowa tulo ndi msonkho, chimenechi sichidali chinthu chochepa.

Popeza tatchula kabudula, tiyeni timalize nkhani yake. Chovala chimenechi nchoyenera dziko lathu. Aliyense amene adayendapo wapansi kuchokera ku Namadzi kupita ku Chiradzulu mwezi wa Okutobala angachitire umboni. Azungu eni ake ankachivala m'minda mwawo dzuwa likakula. Koma m'nthawi ya atsamunda kabudula wa khaki adasanduka chizindikiro cha munthu wotumidwa: msilikali, wapolisi, mesenjala wa kwa bwanamkubwa, wantchito wa pakhomo. Mwamuna wa imvi, wa ana ndi zidzukulu, ankavekedwa ngati mwana ndi kuitanidwa kuti boyi. Cholakwa sichidali m'nsalumo, koma kuti wina ndiye ankakusankhira chovala, ndipo posankhapo ankakuuza malo ako. Kabudula amene mayi wasokera mwana wake pakhonde, ndi kabudula amene kapitawo wakuponyera kuchokera m'nyumba yosungira katundu, atha kufanana mtundu ndi muyezo, koma sachokera kumodzi. Chilembwe adasankha buluku lalitali, jekete, kolala, nsapato ndi chipewa, ndipo adafuna kuti anthu ake azibwera kutchalitchi atasamba ndi kuvala mwaulemu. Mowa adauletsa pamishoni pake.

Pofika chaka cha 1906 Cheek ndi Mayi DeLaney adali atabwerera kwawo. Ntchito ya amayi idatsala m'manja mwa Ida, mkazi wa Chilembwe, ndipo mwana wawo wamkazi adamutcha Emma. M'makalata ake opita ku America, Chilembwe ankadandaula kawirikawiri za atsikana okwatiwa ali aang'ono osadziwa kuwerenga, napempha thandizo loti ntchito ya mkazi wake ipite patsogolo, poti iye ankaona kuti mtundu sungadzuke amayi ake ali chigonere. Zithunzi za masiku amenewo zilipo, ndipo zina zidasindikizidwa m'buku la George Shepperson ndi Thomas Price lotchedwa Independent African, lotuluka m'chaka cha 1958. Mwa ojambula Chilembwe padali Mungo Murray Chisuse wa ku mishoni ya Blantyre, mmodzi mwa anthu akuda oyamba kugwira kamera m'dziko muno. M'zithunzizo Mayi Ida akuoneka m'diresi lalitali lofika kumapazi, la manja aatali ndi khosi lotseka, monga ankavalira akazi olemekezeka a ku America nthawi imeneyo. Zithunzi zoterezi zinkatumizidwa kwa othandiza mishoni kutsidya la nyanja ngati umboni wa ntchito. Pofika chaka cha 1912 masukulu a PIM adali ndi ana pafupifupi 1,000 ndi akuluakulu 800, ndipo chaka chotsatira tchalitchi chachikulu cha njerwa chidatha kumangidwa, chopikisana ndi matchalitchi a azungu.

Pano mpofunika kunena zoona, pakuti mbiri yongotamanda siphunzitsa. Chilembwe adakhulupirira mopitirira kuti chitukuko chimavala jekete. Suti yaubweya padzuwa la ku Chiradzulu ndi chilango, ndipo diresi lokokera pansi silipita kumunda kapena kuchitsime. Mayi wovala chilundu chake chaudongo sadali wochepa nzeru kuposa wovala diresi, ndipo ambiri mwa Akhristu a pa Mbombwe, makamaka Alomwe ongofika kumene kuchokera ku Mozambique, sakadakwanitsa ngakhale nsapato imodzi. Wina atati mbusayu adanyoza zakwawo natengera zachizungu, sitingamutsutse kotheratu. Komabe tisanamuweruze tiyambe taona amene ankakwiya ndi zovala zakezo. Kukadakhala kuti kuvala chizungu kudali kugonjera, eni minda akadasekerera. Iwo sadasekerere ayi, zinkawawawa, chifukwa munthu wakuda wovala ngati iwo ankawakumbutsa kuti kusiyana kumene ankanyadira kudali kogula m'sitolo. Chilembwe sadali yekha. Padali anthu ngati John Gray Kufa, wodziwa za chipatala amenenso adali ndi munda wake ku Nsoni, ndi Duncan Njilima, mwini masitolo. Anthu oterewa adakhazikitsa bungwe la Natives' Industrial Union m'chaka cha 1909 pofuna kuti amalonda akuda azithandizana.

Tsono kumpoto kwa Mbombwe, mtunda woyenda wapansi, kudali thonje la mtundu wina. Malo a Magomero, maekala oposa 160,000, adali a kampani ya A. L. Bruce Estates, imene mkulu wake adali Alexander Livingstone Bruce, mdzukulu wa David Livingstone. Woyang'anira minda adali William Jervis Livingstone, amene anthu ankamutcha Listonia. Eni mafakitale a nsalu ku England ankafuna thonje lochokera m'maiko olamulidwa ndi Angerezi, ndipo m'chaka cha 1902 adakhazikitsa bungwe la British Cotton Growing Association lolimbikitsa ulimi umenewu; njanji itafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, kutumiza mabelo kudaphweka. Olima thonjelo adali anthu a thangata. Liwu limeneli kale linkatanthauza kuthandizana kumunda pakati pa abale, koma pa minda ya azungu lidasanduka ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala: mwezi wa lendi, mwezi wa msonkho, ndipo miyeziyo inkatalika monga mwini kaundula wafunira. Ena m'malo mwa ndalama ankalandira fodya. Ntchitoyo inkagwa nthawi ya dzinja, pamene munthu amafunika m'munda mwake. Taganizirani tsono ulendo wa thonje limeneli: lothyoledwa ndi mayi wovala sanza ku Magomero, lokwera sitima mpaka ku England, lobwerera lili bafuta m'sitolo ya Mandala kapena ya mmwenye ku Limbe, pamtengo woti wolithyola uja sangaufike. Pa ulendo wonsewu, malo okhawo pamene dzanja la munthu wa ku Chiradzulu likadagwirapo mwaufulu padali pomaliza, posoka. Bruce sankafuna sukulu iliyonse pamalo ake, ndipo matchalitchi audzu amene anthu a PIM ankamanga kumeneko ankatenthedwa.

Kudalinso nkhani ya chipewa. Mwambo wa atsamunda udali wakuti munthu wakuda akakumana ndi mzungu aliyense pamsewu, kaya amudziwa kaya samudziwa, avule chipewa. Wochedwa kuvula ankakalipiridwa pagulu, mwina kuchigwetseredwa pansi ndi ndodo, ndipo wovulayo nthawi zambiri sankayankhidwa nkomwe. Kwa ife lero zikhoza kuoneka zazing'ono poyerekeza ndi thangata, koma bungwe lofufuza zifukwa za kuukira kuja litakhala pansi m'chaka cha 1915, mboni zakuda, aphunzitsi ndi akulu a mipingo, zidabwereza dandaulo la chipewa mobwerezabwereza. Dr Alexander Hetherwick wa mishoni ya Blantyre naye adauza bungwelo kuti ulemu uyenera kubwezedwa, osati kungolandiridwa. Mphunzitsi amene wasunga makobidi miyezi ingapo kuti agule chipewa, kenaka nkuchitola m'fumbi ana a sukulu ake akuona, bala lake silipola msanga.

Zaka zomalizira zidamulemera Chilembwe. Kudagwa njala m'chaka cha 1912 ndi 1913, ndipo m'nyengo yomweyo boma lidakweza msonkho wa nyumba. Ngongole za tchalitchi zidamupanikiza, thandizo la ku America lidachepa, chifuwa cha mphumu chidamuvuta, maso adayamba kuchita khungu, ndipo mwana wake Emma adamwalira. Kenaka kudadza nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani. Pa 9 Sepitembala 1914 kudamenyedwa nkhondo ku Karonga, kumene asilikali akuda adafa pa mkangano wa mafumu a ku Ulaya. Mwezi wa Novembala Chilembwe adalemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, yofunsa chifukwa chimene amphawi opanda kanthu m'dziko lawo lomwe ayenera kufera nkhondo ya eni chuma, kusiya akazi amasiye amene adzafunsidwabe msonkho. Boma lidailetsa kalatayo, ndipo lidayamba kukonza zomuchotsa m'dziko.

Loweruka usiku pa 23 Januwale 1915 anthu ake adanyamuka. Gulu lina lidapita ku Magomero ndi ku Mwanje, kumene lidapha Livingstone, Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson. Akazi ndi ana a azungu adatengedwa koma sadapwetekedwe, monga adalamulira Chilembwe, ndipo pambuyo pake adamasulidwa. Gulu lina lidapita ku Blantyre kukathyola nyumba ya zida ya kampani ya Mandala, koma lidangopeza mfuti zochepa. Lamulungu m'mawa mbusayo adalalikira m'tchalitchi chake mutu wa Livingstone uli pamtengo pafupi naye, chinthu chimene ngakhale omukonda amavutika kuchifotokoza. Pa 26 Januwale mishoni ya Akatolika ya Nguludi idatenthedwa ndipo wansembe adavulazidwa. Ku Ntcheu, Filipo Chinyama adayesa kudzutsa anthu koma sizidapite patali. Mafumu ambiri sadagwedezeke, asilikali a boma adafika pa Mbombwe, ndipo anthu adabalalika kulowera kummawa.

Chilembwe adawomberedwa ndi apolisi akuda pa 3 Febuluwale m'dera la Mulanje, akulunjika kumalire a Mozambique. Amene adalandira mtembo pa boma adalemba zimene adaupeza utavala, ndipo ndandanda wake ngwomvetsa chisoni: jekete lobiriwira modera, malaya amawangamawanga, pamwamba pa malayawo chovala chamizeremizere chogonera, ndi buluku lotuwa. Pambali padali nsapato zakuda ndi mandala a m'maso, amene adathandiza kumuzindikira. Munthu amene sankaonekera pagulu kolala ili yopindika adathera m'tchire atavala zimene dzanja lidagwira pothawa. Adamuika mobisa, m'manda opanda chizindikiro, kuti anthu asamapiteko.

Chilango chidali choopsa. Anthu pafupifupi 40 adaphedwa ataweruzidwa mofulumira, mwa iwo Kufa ndi Njilima. Ena pafupifupi 300 adaponyedwa m'ndende, ndipo ambiri adaphedwa m'tchire osafika kubwalo. Tchalitchi cha njerwa chija adachiphulitsa ndi onga. Lipoti la bungwe lofufuza, lotuluka m'chaka cha 1916, lidavomereza kuti anthu a pa minda ya Bruce ankazunzidwa, komabe lidaloza chala masukulu ndi mipingo yoyendetsedwa ndi anthu akuda, ndipo thangata lidapitirira zaka zina zambiri. Mayi Ida adamwalira ndi chimfine choopsa cha m'chaka cha 1918. Mayi DeLaney, amene adakatsegula mishoni ina ku Suehn m'dziko la Liberia, adamwalira kwawo m'chaka cha 1922.

Nkhope ya Chilembwe idayamba kuoneka pa ndalama zathu zapepala m'chaka cha 1997, ali m'jekete lake, ndipo 15 Januwale lidakhazikitsidwa kukhala tsiku lomukumbukira. M'chaka cha 2022 mmisiri wa kuno kwathu, Samson Kambalu, adaimika chifanizo chake pa bwalo la Trafalgar Square mumzinda wa London, kumene chidakhala mpaka 2024. Adachitengera pa chithunzi chakale chimene Chilembwe adajambulitsa pamodzi ndi mnzake John Chorley, wamishoni wachizungu, ndipo m'chifanizomo, monga m'chithunzimo, mbusayo waima pambali pa mzungu chipewa chili kumutu.

Koma pa Mbombwe penipeni moyo udabwerera kudzera m'khomo la Mayi DeLaney. Pamene mayiyu ankakhala pamishonipo adali ndi kamnyamata ka m'dera lomwelo kogwira ntchito m'nyumba mwake, dzina lake Daniel Sharpe Malekebu. Mayiyo atachoka, mnyamatayo adathawa kwawo namulondola mpaka ku America, kumene adaphunzira udokotala pa Meharry Medical College mumzinda wa Nashville. Adakwatira Flora Zeto, wobadwira ku Congo, amene adaphunzira pa Spelman pomwe paja padaphunzira Mayi DeLaney. Atayesa kubwerera kwawo m'chaka cha 1921 boma lidawabweza, koma m'chaka cha 1926 lidawalola. Adapeza zigumukire za njerwa zitamera thengo. Dr Malekebu adayamba kusonkhanitsa otsala a mpingo ndi kumanganso, ndipo Mayi Flora adaitana amayi ndi atsikana a m'midzi yozungulira kuti ayambirenso maphunziro awo.